Mlandu wa mabuku a m'foni: malume awerenga asanaweruze

MANDIMBA — Uthenga unandipeza pamsika ndikugula usipa. Mlongo wanga wa ku Ngauma anatuma mnyamata wa njinga yamoto kudzandiuza kuti ndipite msanga pakuti kunyumba kuli mlandu. Ndinakwera chapa ya ku Lichinga tsiku lomwelo, mtima uli m'mwamba, poganiza kuti mwina mayi athu okalamba adwalanso. Nditatsika pa Massangulo ndi kuyenda wapansi mpaka kumudzi, ndinapeza mayi ali bwinobwino, akusenda chinangwa pakhonde. Mlandu unali wa foni.

Mwana wa mlongo wangayo ndi mtsikana wa zaka 17, ali m'kalasi ya 11 ku Cuamba kumene amakhala ndi achibale a bambo ake. Anabwera kutchuthi mu Ogasiti 2025, ndipo mayi ake anaona kuti mwana sakugona. Usiku wonse kuwala kwa foni kuli ngwee m'chofunda. Atamufunsa ngati akulemberana ndi mwamuna, iye anati akuwerenga buku. Atamufunsa kuti bukulo likunena chiyani, anayankha mosabisa kuti likunena za mtsikana wokwera chinjoka cholavula moto, amene wakondana ndi mdani wa mayi ake.

"Achimwene, inu ndiye mwini mbumba," anatero mlongo wanga. "Mwanayu akuwerenga za ufiti ndi za chiwerewere. Mulandeni foniyo."

Inu owerenga mukudziwa kuti kuno kwathu, kwa Ayao, Amakuwa ndi Anyanja omwe, mawu a malume pa mwana wa mlongo wake ndi olemera. Koma mlandu suweruzidwa mboni isanayankhule. Ndinapempha kuti andipatse masabata awiri, ndipo mwanayo ananditumizira mabukuwo m'foni yanga. Zimene ndalemba pano ndi zimene ndinaona ine, munthu woyandikira zaka 50, wowerenga ndi magalasi ogula pamsika.

Ku Mandimba kuno sindinaonepo sitolo yogulitsa mabuku a nkhani zopeka. Mabuku a ana athu amayenda m'mafoni. Wina amalipeza ku Cuamba kapena ku Lichinga, n'kutumizira mnzake pa WhatsApp, mnzakeyo n'kutumizira wina, mpaka lifike kumudzi kumene foni amakatchajitsa pa sola ya m'grosale. Wolemba bukulo salandirapo ngakhale metikali imodzi, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yoti tidzaikambe tsiku lina.

Ifenso pa msinkhu wathu tinkabwerekana mabuku chomwecho. Ine ndinaphunzira kuwerenga Chichewa kutsidya, mbali za Namwera, pamene tinathawa nkhondo pamodzi ndi anthu oposa miliyoni imodzi amene anakabisala ku Malawi. Kumeneko tinkalimbirana Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani, ndiponso Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba, mabuku othothoka zikuto, ena osowa masamba otsiriza, kotero kuti mathero ake unkawamva kwa mnzako amene anawerenga lisanang'ambike. Titabwerera kwathu pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992, ndinapeza atsikana a ku Cuamba akubisa m'zikwama timabuku ta chikondi ta ku Brazil, totchedwa Sabrina, Júlia ndi Bianca. Makolo a nthawi imeneyo ankadandaula ndi mawu omwewa amene mlongo wanga akunena lero. Iyenso ankawerenga nawo. Ndinamukumbutsa, ndipo anati zimenezo zinali zina.

Sukulu ya zinjoka

Buku limene linayambitsa mlandu ndi Fourth Wing, la mayi wa ku America dzina lake Rebecca Yarros. Linatuluka mu 2023, ndipo m'Chipwitikizi amalitcha Quarta Asa. Likunena za Violet, mtsikana wa zaka 20 wa thupi lofooka, amene ankafuna ntchito yosunga ndi kulemba mabuku monga malemu bambo ake. Mayi ake, amene ndi mkulu wa asilikali, akumukakamiza kulowa sukulu ya nkhondo kumene achinyamata amaphunzira kukwera zinjoka zouluka. Tsiku loyamba lomwelo aliyense ayenera kuwoloka kamlatho kopapatiza ka miyala, pamwamba pa chiphompho, mvula ikugwa. Woterereka wapita. Amene awoloka amadikira tsiku limene zinjoka zidzasankhe eni ake, pakuti munthu sasankha chinjoka, ndi chinjoka chimene chimasankha munthu, ndipo chikanyansidwa nawe chimakuotcha pomwepo.

Ndivomere pamaso pa onse kuti nanenso sindinagone. Mayiyu amadziwa kumaliza mutu uliwonse pamalo poti sungathe kutseka buku, monga ankachitira agogo akati "zotsala mawa" kalulu ali pakamwa pa mkango. Ndinakondwera kuona mtsikana wopanda mphamvu akupulumuka ndi nzeru. Podziwa kuti sangagonjetse anzake pa nkhonya, amawathirira mankhwala ofooketsa m'chakudya asanamenyane. Ameneyu ndi kalulu wathu yemwe uja, angomuveka zovala zachikopa.

Koma pali zinthu ziwiri zimene zinandikhala pakhosi. Choyamba ndi imfa. M'sukulu imeneyo ana amafa pafupifupi tsiku lililonse. M'mawa amawerenga mayina awo, katundu wawo n'kutenthedwa, anthu n'kupita kukaphunzira. Palibe maliro a masiku, palibe kugona pasiwa, palibe sadaka. Ife amene tinaona anyamata akutengedwa mokakamiza pa nkhondo ya zaka 16 ija sitingawerenge zotere mopepuka. Mwana wobadwa mu 2008 amaona masewera pamene ine ndikuona nkhope za anthu.

Chachiwiri ndi masamba amene sindingawerenge mokweza pamaso pa mlongo wanga. Violet akakondana ndi Xaden, mwana wa mtsogoleri wa zigawenga amene anaphedwa pansi pa ulamuliro wa mayi ake a Violet, wolemba satseka chitseko. Zonse za kuchipinda zalembedwa poyera. Apa mlongo wanga sananame, bukuli linalembedwera anthu akuluakulu. Sikuti atsikana athu sadziwa zimenezi, pakuti ku unyago amauzidwa zambiri, ena asanakwane n'komwe zaka 13. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kumakhala nankungwi wodziwika, woti mungamufunse akalakwitsa. Foni ilibe nankungwi.

Pa za ufiti, ndinamuuza mlongo wanga kuti mlanduwo watha. Matsenga a m'mabuku amenewa saloza chala munthu wa pamudzi. Buku limanena lokha kuti ndi nkhani yopeka, monga momwe wonena nthano amayambira ndi "padangokhala", omvera n'kuvomera "tili tonse", aliyense n'kudziwa kuti talowa m'dziko limene nyama zimayankhula. Ngakhale m'masukulu a ku Malawi ana anawerenga kwa zaka zambiri Sikusinja ndi Gwenembe la J. W. Gwengwe, mmene mbalame imaimba kuulula munthu amene anapha mbale wake, ndipo palibe anasanduka mfiti chifukwa cha bukulo. Nkhani yoopsa ndi imene imanenedwa ngati yoona. Mu 2017, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera ya anamapopa, ndipo chipolowe cha mphekesera yomweyo chinafika mpaka ku Gurué. Amene anatola miyala sanawerenge buku la zinjoka.

Chilombo chawo ndi fisi wathu

Buku limene linandivutitsa maganizo kwenikweni ndi lina, A Court of Thorns and Roses la Sarah J. Maas, nayenso wa ku America, la mu 2015. Atsikana amalidziwa ndi dzina lakuti Corte de Espinhos e Rosas. Feyre ndi mwana wa m'banja losauka, amene amasaka nyama kuti adyetse bambo ake olumala ndi azichemwali ake awiri. Tsiku lina wapha chinyama m'nkhalango osadziwa kuti ndi munthu wa mtundu wa matsenga amene anadzisandutsa. Kenaka chilombo chathyola chitseko cha nyumba yawo, chikuti moyo ulipidwe ndi moyo, n'kumutenga kupita naye kudziko lake. Kumeneko chilombo chija chikusanduka mwamuna wokongola, wolemera, dzina lake Tamlin, mfumu yotembereredwa. Feyre akumukonda, mpaka akulolera kulowa pansi pa phiri kukakumana ndi mayesero atatu kuti amuwombole.

Ndikuwerenga, m'mutu mwanga munkamveka mawu a mayi athu akutiuza nthano imene ambiri a inu munaimva. Panali mtsikana wokongola amene anakana amuna onse a pamudzi. Kunabwera mlendo wovala bwino, wa mano oyera, ndipo mtsikanayo anati wanga ndi ameneyu. Mlendoyo anamutenga kupita naye kwawo. Kamlongo kake ka mtsikanayo, kodwala maso, kanawatsatira ngakhale ankakathamangitsa, ndipo atafika anakagoneka m'khola la nkhuku. Pakati pa usiku kanamva mlamu wake ndi abale ake atasanduka afisi, akuzungulira nyumba, akuimba kuti adzamudya mkaziyo akanenepa. Mtsikanayo sanakhulupirire, mpaka kamnyamatako kanam'manga chingwe kuchala chakuphazi n'kumukoka afisi ali pakati pa nyimbo. Kenaka kanasema chinguli chachikulu chouluka, onse awiri n'kuthawiramo kubwerera kwawo.

Taonani tsono. M'nthano yathu, mwamuna wokongola wochokera kutali mkati mwake ndi fisi. M'buku lawo, chilombo choopsa mkati mwake ndi mwamuna wabwino, bola mkazi apirire ndi kuchikonda. Makolo athu, amene mwambo wawo ndi wakuti mkamwini adzamange nyumba kwa mkazi kumene azilamu akumuona, ankaopa mwamuna wotenga mwana wawo kupita naye kosadziwika. Ife tikukhala pa msewu wa N13 umene tsopano ndi wa phula, pafupi ndi chipata cha Chiponde, pamene magalimoto akuluakulu amagona ndi kudzuka. Alendo a mano oyera sasowa. Ndinaona kuti buku lophunzitsa mtsikana wa kuno kuti mwamuna wolusa adzasintha ukamukonda kwambiri ndi loopsa kuposa la zinjoka lija. Amayi angati m'midzi yathu akudikirabe kuti chilombo chisanduke mfumu?

Loweruka lotsatira ndinabwerera ku Ngauma nditakonza chigamulo changa. Mwanayo anamvetsera atagwada, maso pansi, mpaka ndinamaliza.

"Malume, mwawerenga loyamba lokha," anatero. "Werenganinso lachiwiri musanaweruze."

Ndinawerenga. M'buku lachiwiri, la mu 2016, Tamlin yemwe uja wasanduka mwamuna wansanje ndi wamantha. Akumuletsa Feyre kutuluka, akumuletsa kuphunzira kudziteteza, akunena kuti zonsezi n'chifukwa chomukonda, ndipo pomaliza akumutsekera m'nyumba ndi matsenga. Feyre akumusiya n'kuchoka. Chinanso chimene sindinachisamale powerenga loyamba n'chakuti mtsikanayu sankadziwa kuwerenga, ndipo pa limodzi la mayesero aja anatsala pang'ono kufa chifukwa cholephera kuwerenga mawu olembedwa pakhoma. M'buku lachiwiri akukhala pansi kuphunzira zilembo. Ndiye kuti wolembayu anatitchera msampha. Anatikondetsa fisi buku lonse lathunthu kuti tidzamve kuwawa kwake mano akaonekera. Mwana wa mlongo wanga anali atazindikira kale zimenezi, ine malume ndikadali kumbuyo.

Komabe sindinagonje kotheratu. Amene akumulandira Feyre atathawa ndi mwamuna winanso, wolemera ndi wamphamvu kuposa woyamba uja. M'mabuku onse amene ananditumizira sindinapezemo mtsikana wokondana ndi mlimi wa fodya wokhala ndi ngongole ya feteleza. Njala imatha pa tsamba limene chikondi chayamba. Sitimva za mwana wodwala malungo usiku, sitimva za apongozi, ndipo palibe amapita kudambo kukatunga madzi. Ndinamuuza zimenezi, iye anangoseka chamumtima.

Kumene mabuku athu amayambira

Pofuna kumuonetsa chikondi cha pansi pano, ndinamubwereka buku langa lakale la Paulina Chiziane, mayi wa ku Manjacaze m'chigawo cha Gaza, amene mu 2021 analandira mphotho ya Camões, yaikulu kwambiri kwa olemba m'Chipwitikizi. Balada de Amor ao Vento, la mu 1990, ndilo buku loyamba la nkhani yaitali kusindikizidwa ndi mkazi wa ku Mozambique. Sarnau akukonda Mwando, mnyamata wa pamishoni. Mwando akumusiya n'kukwatira mkazi amene makolo ake amusankhira. Sarnau akukwatiwa kubanja lachifumu kumene akukhala mmodzi mwa akazi ambiri, akuthawanso ndi Mwando, akusiyidwanso, ndipo tikumupeza pomaliza akuvutika ndi ana ku Mafalala, akugulitsa pamsika. Mayi Chiziane amayambira pamene mabuku a ku America amalekezera.

Mwanayo analimaliza m'masiku awiri n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Ndi labwino, malume, koma zimenezi ndimaziona kale pakhomo pa anansi athu. Ndikatsegula buku ndimafuna mkazi woti apambane."

Ndinasowa choyankha. Ndinangomuuza kuti akadzakwanitsa zaka 18 ndidzamupatsa Niketche la mu 2002, la wolemba yemweyo. Mmenemo Rami, atakhala zaka 20 pabanja ndi mkulu wa apolisi, akutulukira kuti mwamuna wake ali ndi akazi ena anayi ochokera m'zigawo zosiyanasiyana za dziko lino. Poyamba akumenyana nawo, kenaka akuwasonkhanitsa, akuwabwereka ndalama zoyambira malonda, ndipo mmodzimmodzi akuima paokha mpaka bamboyo akutsala manja ali m'khosi. M'bukumo mulibe chinjoka, koma akazi akupambana. Ndili ndi kadandaulo kamodzi kokha. Mayi Chiziane amajambula akazi a kumpoto kuno ngati akatswiri ogwira amuna chifukwa cha chinamwali ndi mwambo wotsata kuchikazi. Ameneyo ndi munthu wa kumwera akutiyang'ana ali patali. Akanakhala mwezi umodzi ku Ngauma akanaona kuti mudzi ukhoza kukhala wa mkazi, koma ndalama ya soya ili m'thumba la mwamuna.

Madzulo a tsiku limenelo mayi athu anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko ndi kumene ndinamva mutu weniweni wa mlandu. Pali bambo wina wogula nandolo ndi soya m'midzi, wa njinga yamoto ndi sikelo yake, amene anatumiza mawu ofunsira mtsikanayu. Mkazi ali naye kale. Mlongo wanga, amene watopa ndi kutumiza ufa ndi ndalama ku Cuamba mwezi ndi mwezi, mtima wake unali utayamba kufewa. Mwana anakana, nati akufuna amalize kalasi ya 12. Mayi ake pofufuza chimene chamulimbitsa mutu anapeza foni.

Sindimuweruza mlongo wanga, pakuti ndikudziwa mmene nkhokwe yake inalili chaka chimenecho. Koma ndinamuuza pamaso pa mayi kuti kuyambira 2019 dziko lino lili ndi lamulo, nambala 19/2019, loletsa kukwatitsa kapena kutomeretsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo limalanga wokwatirayo, makolo ovomereza, ngakhalenso mfumu kapena mtsogoleri wa chipembedzo wodalitsa ukwatiwo. Ndinati ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, ine monga malume sindikanalandira mawu a munthuyo. Ufa wa ku Cuamba tigawana, mwezi uno iye, mwezi wa mawa ine. Foni ikhala ndi mwini wake, koma izizimitsidwa nthawi ikakwana 10 koloko usiku, ndipo mabuku a masamba aja asamatumizidwe kwa ana a m'makalasi a m'munsi. Lamulo lomalizali ndikudziwa kuti ndilibe wapolisi wolisungitsa.

Chimene chandisiyira chisoni n'chakuti m'mabuku onsewa mulibe limodzi la m'chinenero chathu. Mwanayu amawerenga m'Chipwitikizi cha ku Brazil nkhani zolembedwa m'Chingerezi, za m'mayiko a chipale chofewa chimene sanachionepo. Ena ayesa kubweretsa nkhani zotere kufupi. Tomi Adeyemi, wobadwira ku America kwa makolo a ku Nigeria, analemba Children of Blood and Bone mu 2018 pogwiritsa ntchito milungu ya Ayoruba, ndipo mmenemo mtsikana Zélie akuyenda ulendo wake ndi mlongo wake pambali, monga m'nthano yathu ya fisi. Kutsidya kuno Shadreck Chikoti anatulutsa Azotus the Kingdom mu 2015, nkhani ya Africa wa m'tsogolo kwambiri, koma nalonso ndi la m'Chingerezi. Kwa zaka zoposa 20 tsopano masukulu ena a pulayimale m'dziko lino akuphunzitsa ana kuwerenga m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakuwa. Mwana akadziwa kuwerengako, tim'patsa chiyani choti chimulande tulo? Zopangira nkhani sizikusowa. Tili ndi Napolo amene amagumula mapiri pochoka kupita kunyanja, tili ndi majini, tili ndi nyanja ya Amaramba kumene mtsinje wa Lugenda umayambira, tili ndi mapiri a Mitucué amene mwana aliyense wa ku Cuamba amawaona akadzuka. Njanji ya ku Nampula yokha ili ndi nkhani za chikondi zokwana mabuku khumi.

Usiku womaliza asanabwerere kusukulu, agogo ake anamuuza kuti awafotokozere zimene zili m'fonimo, popeza zadzetsa msonkhano wa banja lonse. Tinakhala pamoto. Mtsikanayo anayamba ndi "padangokhala", ana a nyumba zoyandikana n'kuvomera, ndipo anaikamba nkhani ya Feyre m'Chinyanja chosakaniza ndi Chiyao monga tiyankhulira kwathu. Chipale chofewa anachisandutsa chilala, nyumba yachifumu n'kukhala ya malata ndi mpanda wa njerwa. Mlongo wanga ankatsuka mbale chapatali, koma ndinaona kuti mbale imodzi yomweyo anaitsuka nthawi yaitali. Nkhani itafika pamene chilombo chikutuluka ndi mtsikana pakhomo, bambo ake akungoyang'ana, agogo anakweza dzanja.

"Taima kaye, mdzukulu wanga. Nanga amalume ake a mwanayo anali kuti?"

"Agogo, m'bukumo mulibe malume."

Agogo anapukusa mutu, nasonkhezera chikuni, n'kumuuza kuti apitirize.